Bwana Apita Kukawedza Samoni

Lachiwiri, 8 Sepitembala 2020

Bwana Nick anyamuka lero. Ndawaperekeza ku bwalo la ndege pa galimoto yawo, iwo, madamu ndi kamtsikana kawo Jessie. Zikwama zisanu ndi ziwiri. Ndinawaseka kuti ulendo wa masabata atatu okha, katundu ngati wa ukwati. Madamu sanaseke. Akuti zovala za kozizira zimadya malo.

Ulendo wa chaka ndi chaka. Kwawo ku Amereka, ku mtsinje waukulu wotchedwa Columbia. Masamba akayamba kufiira kumeneko, nsomba yomwe amati samoni imachoka kunyanja n'kumakwera mtsinje, ndiye bwana ndi akulu awo amakaiwedza. Zaka zonsezi amapita okha. Chaka chino atenga banja lonse, poti sukulu ya Jessie ndi ya pakompyuta chifukwa cha korona.

Pakhomo lolowera anandigwira paphewa, masiki ili pachibwano. "Enos, braza, boti ndakusiyira iwe. Okutobala akamayamba likhale litakonzeka. Alendo abweranso, uona."

Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pa boti lawo kuno ku Dubai. Kutenga alendo kukawedza, kuwamangira mbedza, kuwajambula atanyamula nsomba zomwe ndawakokera ine. Chiyambire Malichi sitinatenge mlendo ndi mmodzi yemwe.

Dzulo mapepala ambirimbiri paboneti ya galimoto. Inshuwalansi, chilolezo cha padoko, zina zotero. Iwo kuloza, ine kusaina. Thukuta kudonthera papepala.

Galimoto ndakaisiya kunyumba kwawo ku Al Barsha. Mlongo wanga Rosta, amene amalera Jessie, watsala yekha kuyang'anira nyumba. Makiyi anandilandirira pageti, sanandilowetse. Maso ofiira. Akuti wayamba kale kumusowa mwana. Ngakhale galu wawo Biskiti sanabwere kudzandiuwa. Akuti amupereka kosungira agalu mpaka adzabwere.

Lachisanu, 11 Sepitembala

Tsiku lopuma, koma ndinapitabe. Mabasi awiri kuchokera ku International City, komwe ndimakhala, kukafika kudoko, ola ndi theka. Mpando umodzi munthu, wina chikwangwani choletsa kukhalapo.

Kunsi kwa boti kwamera tizigoba ngati mphere. Miyezi isanu ndi umodzi osayenda. Ndinalowa m'madzi ndi chopalira. Madzi ofunda ngati osambitsira khanda. Zala zachekekachekeka, mchere ukulowa m'mabalamo. Mbali imodzi yatha.

Bwana atumiza chithunzi. Afika bwino, koma nkhalango zikupsa kumeneko, thambo lofiira ngati katondo. Sanalowebe mumtsinje chifukwa cha utsi. Ndawayankha kuti Mulungu awasunge.

Chakudya: mpunga ndi nyemba za m'chitini.

Mkazi wanga Lennah anaimba kuchokera ku Dwangwa. Edwin wayamba kuimirira atagwira mpando. Mwana amene tinamudikira zaka zisanu, ndipo ndinamusiya ali m'mimba. Nkhope yanga amaidziwira pagalasi la foni.

Lachiwiri, 15 Sepitembala

Kapambwe, wa ku Chipata uja amagona pabedi la pamwamba panga, wabwera ndi nkhani. Amalondera ku Jebel Ali. Akuti kumeneko kampani ina ikufuna munthu wodziwa nyanja, wa paboti lonyamula antchito kupita ku sitima zikuluzikulu. Malo amodzi okha. Nyumba ya kampani, basi ya kampani, viza ya zaka ziwiri. Kapitawo wake ndi mnzake, wamuuza kale za ine. Yankho likufunika Lachinayi.

Ndinawalembera bwana. Osati kutsanzika, kungowadziwitsa. Anayankha mphindi khumi zisanathe. "Usandichite zimenezo, braza. Ine ndi iwe tinayamba limodzi. Korona ikatha tigula boti lachiwiri, kaputeni wake ndiwe."

Ndamuuza Kapambwe kuti zikomo, koma ayi. Munthu amene anandikweza ndege kukaika maliro a bambo anga, amene anamulemba Rosta ntchito nditangopempha kamodzi, ndimusiyire boti lili ndi tizigoba mbali imodzi?

Kapambwe anangopukusa mutu. "Ba Enos, muzungu ni muzungu. Koma ni imwe muziba."

Ndamufotokozeranso Rosta pafoni. Anati ndachita bwino kukana.

Loweruka, 19 Sepitembala

Utsi watha, alowa mumtsinje. Chithunzi: bwana atanyamula samoni ndi manja awiri, mutu uku mchira uko, yonyezimira ngati lata latsopano. Makilo khumi ndi anayi, akutero. Kumbuyo kwawo madzi otambalala, mapiri a miyala yakuda, mitengo yachikasu. Avala jekete. Ine ndikuona chithunzicho malaya atamatirira kumsana.

Akuti amakoka nyambo pang'onopang'ono boti likuyenda, monga timachitira ndi kanadi, nsomba yathu yaitali ya mano ija ya m'nyanja ya kuno, kungoti kumeneko chingwe amachimiza kwambiri. Mfundo yomangira mbedza ndi ija ndinawaphunzitsa ine, ya bambo anga. Akulu awo akuti aikonda, siithawa.

Ndakumbuka mpasa wa mu Bua. Nawonso umachoka kunyanja n'kukwera mtsinje kukaswa. Tsiku lina ndinawafotokozera bwana zimenezi tili pakati pa madzi, nsomba zisakudya. Anadabwa kwambiri. Anati chaka china adzanditenga ndikaone samoni, kenako ine ndidzawatenge akaone mpasa. Tinapatsana dzanja.

Mbali yachiwiri yatha. Mawa mafuta a injini.

Lachinayi, 24 Sepitembala

Vidiyo lero. Tonse asanu ndi mmodzi a m'chipinda muno tinaunjikana pa foni yanga, zotalikirana zija titaiwala.

Chinsomba amati sitajeni. Chotalika kuposa bedi langa. Ndevu ngati mlamba, msana wa minga ngati ng'ona, kamwa lili kunsi ngati payipi. Ola lathunthu akulimbana nacho, bwana atawerama, ndodo itapindika mpaka kugunda madzi. Atachifikitsa m'mbali mwa boti sanachikweze. Kuchisisita pamutu, kuchotsa mbedza, kuchisiya. Chinamira mosapupuluma, ngati palibe chachitika.

Chipinda chonse kukuwa. Mnepali wa pabedi la pakhomo anagwira kumutu. Kapambwe: "Ndiyo ya komboni yonse iyo, aitaya mumanzi!"

Ndinawafotokozera kuti kumeneko zazikulu chotero amazibweza, zina zili ndi zaka kuposa makolo athu. Ndinalankhula ngati ndinafikako. Ndinanyada. Sindikudziwa chonyadira chake, koma ndinanyada.

Rosta sanayankhe foni. Kachiwiri sabata ino.

Lolemba, 28 Sepitembala

Mawa ndiye linali tsiku lobwera. Awonjezera masabata awiri. Akuti samoni yachuluka chaka chino, komanso zoyezetsa korona usanakwere ndege zavuta.

Koma nkhani yabwino: mlendo! Woyamba chiyambire Malichi. Bambo ena dzina lawo a Farid, abwera Lachinayi ndi mnzawo. Ndiyendetsa ndekha, chiphaso ndili nacho. Bwana akuti ndi munthu wofunika, akakhutira adzabweretsa anzake ambiri. "Umuonetse zonse, braza. Injini uithamangitse. Upite naye kumalo athu enieni aja, usabise."

Malo athu enieni. Zaka zisanu ndi ziwiri kuwafufuza. Chisitima chomira, miyala iwiri ya pakuya, ndi paja madzi amasintha mtundu. Makaputeni ena amatitsatira patali, ife n'kumawasocheretsa dala. Koma bwana anena.

Ndatsuka mipando, ndapukuta zitsulo zonse mpaka kudziona nkhope. Nyambo ndi ayezi ndalamula. Yunifolomu ndachapa, ikununkhabe m'chikwama.

Lachinayi, 1 Okutobala

Tsiku labwino! Tinanyamuka dzuwa likutuluka, nyanja itagona ngati mphasa. Injini kulira bwino, osatsokomola.

A Farid ndi munthu wansangala, wamimba, chilichonse habibi, habibi, m'Chiarabu ndiye kuti wokondedwa. Mnzawoyo sanagwire ndodo tsiku lonse. Tochi m'manja, mutu mu injini, kugogoda apa ndi apo, kufunsa kuti mabatire ndinasintha liti. Ndinaganiza kuti ndi wamantha, akuopa kufera panyanja. Kuti mtima wake ukhale pansi ndinamuonetsa kope langa lomwe ndimalembamo zonse zokonza. Analijambula tsamba ndi tsamba.

Pachisitima chomira, kanadi ziwiri. Yachiwiri inathawa ndi chingwe mpaka rilu yokulungira kulira ngati nyenje. A Farid kukuwa ngati mwana. Ndinaikweza ndi ngowe, makilo khumi ndi awiri. Pamiyala, nsomba zitatu zonenepa zomwe amati hamuru. Malo aliwonse mnzawo uja ankajambula manambala a pa makina olozera njira. Pamene dzuwa linamuthobwa m'maso, ndinamuwerengera ine.

Potsika a Farid anati, "Boti ili mwalisamala ngati mkazi wachiwiri." Anandisiyira kanadi imodzi. Tadya chipinda chonse, ndi a khomo loyandikana omwe.

Ndawalembera bwana zonse, ndi zithunzi. Ayankha ndi kachala kamodzi kokweza. Basi. Atopa kapena.

Lamulungu, 4 Okutobala

Chithunzi china, koma ichi sananditumizire, ndachiona pa tsamba la madamu. Jessie paboti, jekete yofiira, atanyamula kansomba amati wolayi. Kachikasu m'mbali, maso otuwa ngati a munthu wa ng'ala. Bwana amati ndiyo yokoma kuposa zonse za mumtsinjemo. Mwana akumwetulira, mano awiri akutsogolo palibe.

Ndinachikulitsa kuti ndione nsombayo bwino.

Kuseri kwa miyendo ya Jessie, galu. Khutu limodzi logwa, banga loyera pachifuwa. Biskiti.

Ndachiyang'ana mwina kakhumi. Ndamuonetsa Kapambwe. Anayang'ana, anandibwezera foni, anavala nsapato n'kupita kokwerera basi ya kuntchito nthawi isanakwane.

Galu sakwera ndege ngati chikwama. Mapepala ake, majakisoni ake, zimatenga nthawi. Ndipo ndine ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto mu Julaye, kawiri. Bwana anandiuza kuti ndi katemera wamba.

Rosta foni yozimitsa.

Lachiwiri, 6 Okutobala

Ndinapita ku Al Barsha.

Geti lotsegula. Galimoto palibe. Amuna awiri akupenta pabalaza, wailesi yawo ikuimba Chihindi. Makatani palibe, mipando palibe. Pakhoma pamene panali chithunzi cha ine ndi bwana titanyamula chinsomba cha mlomo ngati mkondo, patsala msomali.

Rosta ndinamupeza m'kachipinda kake kuseri, atakhala pamatilesi. Atandiona anagwada pansi. Sanandigwadirepo chibadwire.

Kontena ya katundu wawo inanyamuka pa 20 Ogasiti, ine ndili kudoko. Makatoni onse analongedza ndi iye, masabata awiri. Mbale, mabuku, njinga ya Jessie. Anadziwa kuyambira Julaye. Madamu anamukhazika pansi kukhitchini n'kumuuza kuti sabwereranso, bizinesi yafa, boti ligulitsidwa. Koma Enos asadziwe, chifukwa akadziwa apeza ntchito ina, ndipo boti lopanda wolisamalira silingagulike bwino. Akasunga pakamwa, mnzawo wa madamu wa ku Mirdif amulemba ntchito mwezi uno ukamatha. Akaulula, tikiti ya ku Lilongwe.

"Achimwene, ndimaganiza za ana anga. Tsiku lililonse ndimati ndikuuzani mawa."

Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha. Tsiku lija ndinamuuza za ntchito ya ku Jebel Ali, iye n'kuti ndachita bwino kukana, ankadziwa?

Anangolira.

Ine amene ndinkamubereka kumsana kumuwolotsa pakhwawa popita kusukulu. Ine amene ndinamubweretsa kuno.

Sindinatukwane. Sindinakweze mawu. Ndinatuluka. Opentawo anandifunsa ngati ndine wodzatenga firiji.

Lachitatu, 7 Okutobala

Ndawaimbira bwana kasanu ndi kawiri. Ikulira, sakuyankha. Mauthenga akuwerenga, timizere tikusanduka tabuluu.

Sindinapite kudoko. Sindinadye.

Lachinayi, 8 Okutobala

Mauthenga awiri m'mawa, motsatizana. Woyamba wa ku banki: zanga zonse za zaka zisanu ndi ziwiri zalowa, ndi ya tikiti yomwe. Wachiwiri: viza yanga yathetsedwa. Masiku makumi atatu ndikhale nditapeza ntchito ina kapena nditatuluka m'dziko muno.

Ndinathamangira ku ofesi yomwe imatilembera mapepala. Mayi wa pakauntala anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Siginecha yanga, 7 Sepitembala. Ngakhale banga la thukuta likuoneka. Akuti zonse zili m'malamulo, munthuyo walipira zonse, khalasi, nkhani yatha.

Ndiye ndikadandaule kuti chiyani? Kuti ananditchula braza?

Kudoko khadi langa silikutsegula geti. Mlonda amandidziwa, anandilowetsa. Dzina la boti alifufuta kale. A Farid ali pomwepo ndi ana awiri a mlongo wawo, ndiwo aziliyendetsa. Anadabwa kuti sindimadziwa. Ndikukhulupirira kuti anadabwadi, nkhope inagwa. "Wallahi, habibi, anandiuza kuti mukupita kwanu, mwatopa." Mgwirizano anamaliza tsiku lomwe tinapita kunyanja lija, madzulo ake. Akuti chomwe chinawagwira mtima ndi ukhondo wa injini, ndi malo a nsomba aja.

Ndiye kuti ndinaligulitsa ndine. Ndi zala zochekekazi.

Ndatenga nsapato zanga za mphira, kapu ndi chipewa. Kope la zokonza anapempha kuti litsale. Ndalisiya.

Lamulungu, 11 Okutobala

Nick walankhula. Uthenga wa mawu, mphindi zinayi. Kumbuyo kukumveka injini ndi madzi, ndiye kuti anaujambula ali mumtsinje, mkati mowedza.

Akuti pepani. Akuti sanagone masiku ambiri. Akuti analephera kundiyang'ana m'maso n'kunena. Korona yamuthyola msana. Ndine munthu wabwino kuposa onse amene anakumana nawo ku Dubai, adzandilembera kalata yabwino yofunira ntchito. Penapake mawu ananjenjemera. Kenako wina anakuwa kuti ndodo yagwedera, iye n'kuti, "Dikira kaye, braza." Phokoso, madzi kuthovoka, kuseka. Kenako anabwerera n'kupitiriza pepani wake. Sanaganize n'komwe zojambula wina.

Kumapeto: ndodo zake zisanu ndi imodzi zija ndinabwera nazo kuno kudzatsuka marilu, ndingamutumizire pa kago? Sizinali pa mgwirizano wa boti. Imodzi inali ya malemu bambo ake. Alipira yekha kumeneko.

Ndaumvera katatu. Kachitatu ndinaseka mpaka Mnepali anadzuka kudzandiyang'ana.

Zili pansi pa bedi, zokulungidwa m'chinsalu.

Lachitatu, 14 Okutobala

Ku Jebel Ali analemba kale wina, wa ku Kerala, sabata yomwe ija. Kapambwe anakafunsabe kachiwiri. Sananene kuti ndinakuuzani. Wandigulira mazira ndi buledi, wangoika pabedi.

Ndayenda madoko atatu. Paliponse maboti omangidwa, okutidwa malona, makaputeni atakhala pamthunzi akusewera pafoni. Inshallah, korona ikatha. Mmodzi yekha ananditenga nambala.

Rosta waimba kakhumi ndi kamodzi. Kenako uthenga, vesi la m'Baibulo. Ndafufuta ndisanalimalize.

Nick ndi mlendo, anabwera ndi ndege, wapita ndi ndege. Koma uyu tinayamwa bere limodzi. Miyezi itatu kundifunsa, "Mwadya, achimwene? Boti likuyenda bwanji?" Manja ali ndi tepi yomatira makatoni.

Lennah sindinamuuze. Anandionetsa Edwin akuyenda kuchoka pampando kukafika pakhomo, ine n'kumawomba m'manja.

Masiku atsala 24.

Lamulungu, 18 Okutobala

Za ndodo, a m'chipinda muno agawanika. Kapambwe: "Gulisani chabe, ba Enos. Mulungu azamvesesa." Mnepali akuti ndizithyole ndimutumizire chithunzi.

Ndinazitulutsa, ndinaziyala pabedi. Ya bambo akeyo ndi yakale, chogwirira chake chinadyeka pomwe pamakhala chala chachikulu. Mkuluyo sanandilakwire kanthu.

Ndapita nazo ku Al Rigga, kwa a kago. Zonse zisanu ndi imodzi. Sindikufuna kanthu kake pansi pa bedi langa. Sindikufunanso kuti akakhale paboti ndi akulu ake n'kumati, mwaona, nayenso anandibera.

Koma ndisanazikulunge ndinatenga lumo. Mbedza iliyonse, nyambo iliyonse yomwe ndinamanga ine, ndadula. Mfundoyo amaidziwa, ndinamuphunzitsa, amange yekha. Za manja anga sizikwera ndege.

Wa pakago anafunsa ngati ndiikamo kalata. Ndinati ayi.

Pobwerera m'sitima ya metro ndi pamene ndinazindikira kuti marilu onse ndawathira mafuta ndisanawatumize. Manjawa sanamve kuti ntchito inatha.

Lachisanu, 23 Okutobala

Ndamuuza Lennah. Zonse. Kumbuyo kwake ndimamva nkhuku. Kenako, "Bwerani, abambo a Edwin. Nzimbe akudula, simungasowe chochita."

Za Rosta anati ndisawauze amayi, mtima wawo ndi wofooka. Ndiye anawonjeza, "Nanga mukanakhala inu?" Ndinati ine ndikanaulula tsiku lomwelo. Anati, "Mwina." Ndinakwiya. Ndinanama kuti netiweki yavuta.

Kaputeni uja ananditenga nambala waimba. Wa ku Goa, boti la alendo ku Dubai Marina. Akuti ndikayesedwe Lachiwiri. Sanalonjeze kanthu, sananditchule dzina lina lililonse kupatula Enos.

Madamu aika chithunzi china. Samoni yomaliza ya chaka chino, akutero, yada kale khungu, mlomo wakhota. Nick akumwetulira mano onse kunja. Ndawachotsa onse pafoni.

Masiku 15.

Lachiwiri, 27 Okutobala

Kuyesedwa kwayenda. Alendo anayi a ku Russia, kanadi imodzi, wina anasanzira pa nsapato zanga. Kaputeni akuti andiuza Loweruka. Sindikuwerengera.

Ndikutsika basi chakumadzulo, Rosta pasiteji. Zikwama ziwiri, chachikulu chomangidwa ndi chingwe, zipi inafa. Akuti wakhalapo kuyambira teni koloko. Sankadziwa kuti nyumba yanga ndi iti, zonse za kuno zimafanana. Masiki yoda ndi fumbi. Ataitsitsa, milomo yong'ambika ndi ludzu.

Mwini nyumba ya ku Al Barsha watenga makiyi. Viza ya Rosta nayo Nick anaithetsa, masiku ake ndi ochepa kuposa anga. Rosta wakhala akumuimbira mayi wa ku Mirdif uja masabata atatu, osayankha. Dzulo anapita yekha mpaka pageti. Amene anatuluka ndi wantchito wina, wa ku Philippines, amene wakhala pamenepo zaka zinayi. Akuti madamu ake sanafunepo munthu wina, ndipo dzina la Rosta sanalimvepo.

Rosta ananena zimenezi akuyang'ana pansi. Sanapemphe kanthu. Anangoti, "Ndimati mudziwe kumene ndili, achimwene, mwina amayi angafunse."

Ndinali ndi mawu ambiri. Masabata atatu ndakhala ndikuwakonza m'basi, kuwasula, kuwanola. Ndinaima. Basi ina inabwera, inatsitsa anthu, inapita.

Ndinalowa mugolosale, ndinagula madzi. Anamwa botolo lonse osapumira.

Ndinamuimbira Kapambwe kuntchito. Akudziwa amayi ena a ku Lusaka ku nyumba za chigawo cha konkuno chomwe amati Morocco, akuti muli bedi limodzi lopanda munthu. Ndi patali ndithu kuyenda pansi.

Sindinamukhululukire. Ndilembe pano kuti ndisadzadzinamize: sindinamukhululukire.

Chachikulucho ndinasenza ine. Iye anatenga chaching'ono, akubwera m'mbuyo, patapata ikulira. Pakona ndinaima kumudikira.